Mchere wa Amake Joy

Chikwatiwire kwa a Lighton, Ennie anali asanaonepo mbale ikubwerako ndi kanthu. Bamboyo anali wakudya, wa mtundu uja wopukuta mbale ndi chala mpaka mkazi kumakayika ngati n'kofunikanso kuitsuka. Choncho tsiku limene anakankha mbale ya nsomba atangotsinako kamodzi, Ennie anangoti kakasi, kuyang'ana mbale, kuyang'ananso mwini wake.

"Atate ake Joy, nsomba yanunkha?"

"Iyayi, amake Joy, ili chabe bwino. Vikana kupita." Analoza pachifuwa. "Vinkhala apa monga mwala."

Zinali m'zaka zija boma linkagulitsa makampani, ndipo tauni ya Kafue, yomwe inkadya za m'mafakitale, inali itagwira njakata. Fakitale ya masaka imene a Lighton anaigwirira ntchito chibwerere kuchokera kwawo ku Katete inamangidwa unyolo pageti. Antchito anauzidwa kuti akadikire kunyumba, mwini watsopano adzawaitana. Anadikira mpaka udzu unamera pageti paja.

Ennie sanakhale manja lende. Anayamba geni ya salaula, zovala za kaunjika, pamsika wa Nangongwe. Ankalawira pa minibasi kupita ku Lusaka kukatenga belo la zovala, n'kubwera dzuwa litapendeka, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Mwana wawo Joy anali atakwatiwa ku Mazabuka, ndiye pakamwa podyetsa panali pawiri pokha. Ndiwo sizinkasowa. Chinkasowa ndi wozidya.

Anayesa zonse mayiyu. Anaphika nkhuku ya lokolo, chibwabwa chotendera, kapenta wokazinga ndi tomato, phala la mkaka. A Lighton ankayesetsa, chifukwa sanali munthu wofuna kukhumudwitsa mkazi wake. Koma akadzikakamiza m'mawa, madzulo ankazibweza zili momwe anazimezera, ngati kuti m'mimba munalibe aliyense wozilandira. Lamba anabooledwa ndi msomali, n'kubooledwanso. Amayi a mumpingo anabwera ndi timiphika tawo, poganiza kuti mwina dzanja lachilendo lithandiza, koma timiphikato tinabwerera momwe tinabwerera. Ndipo anthu a ku Nangongwe, omwe sasowa chonena, anayamba kunong'onezana za matenda a masiku ano.

Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma panyumba iyi wamva m'mimba ankangokhala pampando panja, maso ali kumafakitale. Anatsekula chitseko ndi mkazi. Anamukokera kuchipatala, komwe anawatenga magazi onse awiri, ndipo atabwererako kukamva zotsatira anapeza a Gershom, amene aliyense ankawatchula kuti ba dokota.

"Magazi yali bwino, nonse babili," anatero a Gershom. "Na mumimba mulibe chilonda. Manje niuzeni, ba Lighton, kale munali kudya nthawi bwanji?"

"Huta ikalila."

Huta inali lipenga la fakitale ija. Inkalira m'mawa, masana ndi madzulo posinthana antchito, Lamlungu lomwe, ndipo inkamveka mpaka kumlatho wa mtsinje. Ana asukulu ankaidziwa, agalu ankaiyankha, ndipo Ennie sankafuna wotchi kuti adziwe nthawi yotereka mphika.

"Na pa Sande mukakhala kunyumba?"

"Nayo Sande. Huta yalila, nasamba kumanja."

A Gershom anaika cholembera pansi. Anawafotokozera pang'onopang'ono kuti mimba siyamba yokha ntchito, imadikira uthenga wochokera ku ubongo. Muubongo, anatero, mumapangidwa timadzi tating'ono kwambiri totchedwa mapeputayidi. Tina timadzutsa mtsempha wautali wotsika m'khosi mpaka m'mimba, n'kuiuza kuti tulutsa madzi ogayira, yamba kutakasa, chakudya chikubwera. Tina timatuluka munthu akakhala pa mantha kapena pa nkhawa, ndipo uthenga wake ndi wakuti imani, ino si nthawi yodya.

"Imwe zaka zonse izi bongo yanu inazolowela huta," anapitiriza a Gershom. "Manje huta kulibe, nchito kulibe, mwatsala na maganizo chabe. Wamene auza mimba kuti tseka ndiye akamba yekha. Vuto siili mumimba, ba Lighton. Ili kumutu."

Mawu otsirizawo ndi amene anawononga zonse. A Lighton anadzambatuka, atagwira buluku lomwe linali litawakulira.

"Mukamba kuti ndine ofunta? Ine? Nasebenzesa mashini zaka zonse zija, chala olo chimozi sichinajubike, lelo ati kumutu!"

Anatuluka osatsanzika. Ennie anatsalira pang'ono kupepesa, ndipo mawu a dokotayo anawasunga, chifukwa kwa iye anali omveka. Kwa mwamuna wake anali chipongwe.

Mbiri ya matenda imayenda msanga kuposa basi. Pasanapite nthawi anatulukira a Juliet, mlongo wawo wamkulu wa a Lighton, kuchokera ku Katete, atasenza kathumba ka mtedza. Atangomuona mlongo wawo anaponya kathumbako pansi n'kuyamba kulira mokweza ngati afika pamaliro. A Juliet sanali munthu woipa. Anamulera Lighton amayi awo atamwalira, ndipo chibale ndi fupa. Koma anali ndi maso aja oona chilichonse n'kumvetsa chimodzi chokha.

Madzulo a tsiku lotsatira anaona mlamu wawo akutsika minibasi. Kondakitala anamutsitsira belo, n'kumunyamulira mpaka pakhonde, akuseka, akuti, "Ba mayo, mailo nizakusungilani ya kutsogolo!" Ennie naye anaseka, poti mpando wakutsogolo ndi wosowa. Kenako anasamba m'manja, anasonkha mbaula, anatereka ndiwo, anatapa mchere ndi dzanja lake n'kuthira.

A Juliet anaimirira pakhomo la khitchini.

"Alamu, mwathira nokha mchere?"

"Nanga anganithilile ndani, alamu?"

"Mwachoka kumene mwachokako, osadziwika kuti munali ndi yani, n'kufikira kuthira mchere m'ndiwo za mwamuna wodwala?"

Ennie anayamba waseka, chifukwa sanamve. Kenako anamva, ndipo chikombe chinamugwa m'manja. Naye anakulira kum'mawa komweko, cha ku Katete, ndipo mwambo ankaudziwa. Mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzathira mchere m'chakudya, amamudula mwamuna wake. Munthu amayamba kuonda, chifuwa chimalemera, chakudya chimakana, mpaka kumanda. Matenda ake amati mdulo, ndipo sachira mpaka wolakwayo ataulula.

"Alamu! Ine? Pa ukulu wanga uno?"

"Achipatala apeza chiyani? Palibe. Matenda osaoneka kuchipatala ndi a m'nyumba."

Ennie anathamangira panja pomwe panakhala mwamuna wake. Ankadziwa kuti amva zonse, khitchini yake inali yopanda chitseko. Ankayembekeza kuti akalipa, awauze alongo awo kuti asamale pakamwa. Koma a Lighton anangozyolika, akukanda pansi ndi chala chakuphazi. Mawu a mlamu wake anamupweteka, koma kukhala chete kumeneku kunamuopsa.

"Atate ake Joy, simukamba kanthu?"

"Nizakamba chani, amake Joy? Ine nifuna chabe kupola."

A Juliet anagamula okha. Mawa aphika iwo, ndi mchere wogula okha, Ennie asakhudze mphika kapena mbale. Lighton akadya, nkhani yadziwika.

"Phikani!" anatero Ennie, misozi ya ukali ili m'maso. "Phikani, alamu! Bamayi ba ku chechi anaphika, anadya? Phikani muone mweka."

Anavomera mwamsanga chotero chifukwa ankadziwa kuti mwamuna wake sadya cha munthu aliyense. Apa ndi pamene anadzitchera yekha.

Tsikulo sanapite kumsika. Anakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, manja atapinda, kuonerera. Kunena zoona, a Juliet kuphika sikunali kwawo. Nshima inatuluka ya mabulu, delele anachuluka soda mpaka kuchita chikasu. Ennie anaona zonsezo ndipo mtima unakhala m'malo. Dzuwa lili paliwombo, chakudya chinaikidwa pa katebulo pakhonde. A Lighton anavundukula mbale, anayang'ana, anameza mate movutikira, n'kuyamba kuikankhira kutali monga mwa masiku onse.

Pomwepo huta inalira.

Inayamba pansipansi ngati ng'ombe yodwala, kenako inakwera, n'kudzaza Kafue yense. Nkhuku zinabalalika. Ennie anapezeka waimirira osadziwa kuti waimirira liti. M'misewu ya Nangongwe zitseko zinatseguka, amuna anatuluka akuthamanga, wina akuvala ovolosi yakale chothamanga, wina nsapato ili m'manja, akufuula kuti, "Yatseguka! Kampani yatseguka!" Amayi ena analulutira. Zinadziwika madzulo kuti sinatseguke ayi. Mwini watsopano anali atagulitsa makina onse, ndipo analemba ganyu ena mwa antchito akale kuti awamasule. Mmodzi wa iwo, nthawi ya nkhomaliro itakwana, anaikoka huta ija komaliza asanaitsitse padenga.

A Lighton sanathamange nawo, analibe mphamvu. Anangokhala tsonga, maso ali psuu. Ndiyeno m'mimba mwawo munalira, kulira kwenikweni, kwakuti Ennie anakumva ali pansi pa mango. Anasamba m'manja. Anatema mbamu yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Thukuta linatsika. Delele wa soda uja anatha, nshima ya mabulu inatha, ndipo chala chinazungulira m'mbale.

"Adya! Mayo ine, adya!" Ennie anaomba m'manja, akuseka, akulira, n'kuthamangira pakhonde. Anali ataiwala zonse. Anakumbuka ataona nkhope ya mlamu wake.

A Juliet sanakondwe ngati wopambana. Ankamuyang'ana Ennie ndi mantha enieni, dzanja lili pakamwa, ngati munthu amene ananena chinthu mwaukali n'kupeza kuti n'choona.

"Alamu," ananong'ona, "ndiye munachitadi?"

"Ni huta! Simunamve? Ba dokota anakamba, ni huta!"

"Huta imathira mchere?"

Anthu oyandikana nawo, omwe anali atatuluka kale chifukwa cha phokoso lija, anaunjikana kumpanda. Anaona mbale zopanda kanthu, anaona amene waphika, ndipo pofika madzulo nkhani inali itafika kumsika, kusiteshoni ya sitima ndi kwa makondakitala omwe.

Ennie anadzilimbitsa mtima ndi ganizo limodzi. Huta yapita. Mawa kulibe cholira, ndipo mwamunayu akana chakudya cha alongo ake monga anakanira cha aliyense, anthu aone. Anapezeka akulakalaka kuti mwamuna wake alephere kudya, ndipo atazindikira chimene akupempha anachita manyazi ndi mantha.

Kutacha anaona lole ikudutsa mumsewu wa ku Lusaka itasenza zitsulo, huta ili pamwamba, yomangidwa ndi zingwe. Atabwerera m'nyumba anapeza a Lighton akumwa phala la a Juliet. Kunja kunali zii. Anamaliza, napempha lina. Masana anadya, madzulo anadya. Tsiku linalo anasesa pabwalo, anakonza mpando wothyoka, ndipo anamveka akuimba mluzu. Nkhope yawo inali ya munthu amene wapeza dzina la chimene chimamudya. Sankamuyang'ana Ennie m'maso, koma chakudya chinkatsika.

Ennie anadikira mpaka a Juliet atapita kumpopi, n'kumupeza mwamuna wake kuseri kwa nyumba. Anagwada, chinthu chimene anali atasiya kalekale.

"Atate ake Joy, niyanganeni. Zaka zonse izi, munanionapo na mwamuna? Ku Lusaka niyenda kufuna vakudya va ise babili. Kumbukani vamene anakamba ba dokota. Munakankha mbale ya alamu, ninaona na maso yanga. Munadya huta italila."

A Lighton anali munthu wachilungamo, ndipo apa ndi pamene panagona tsoka. Anamvetsera. Anayang'ana mkazi wawo nthawi yaitali, ndipo Ennie anaona m'maso mwawo kuti akukumbukira dzanja lawo likukankha mbale ija.

"Ni zoona," anatero motsitsa. "Ninakankha." Anatsitsa maso. "So kulibe ananidula. Ni ine chabe. Ananitaya monga saka yobooka, na huta anagulitsa." Anatembenukira kumafakitale. "Sizakalilanso, amake Joy."

Ennie anamva mtima wake ukupepuka. Koma asanadzuke n'komwe, anaona mwamuna wake akugwira pachifuwa. Milomo inauma, nkhope inatuwa. Anapita kuseri kwa chimbudzi, ndipo phala la m'mawa lonse linabwerera. Masana anakankha mbale ya a Juliet. Madzulo anaikankhanso. M'mawa mwake analephera kudzuka pamphasa, ndipo madzi omwe ankawavuta.

Ennie anakhala pambali pawo atagwira tsaya, osakhulupirira chimene wachita. Dzina lake analiyeretsa kwa munthu mmodzi yekha amene ankafuna kuti amukhulupirire, ndipo munthuyo tsopano ankatha akuona. Anathamangira kwa a Gershom, omwe anamupatsa timapiritsi n'kumuuza zoona, kuti tingathandize pang'ono koma nkhawa sitingaichotse. A Lighton anatimeza, natibweza.

A Juliet anali ndi yankho lawo. Mkaziyu walankhula naye, mwina wamukhudza, ndipo mdulo suchoka popanda kuulula. Anaitanitsa a Whiteson, nkhoswe ya banjali, bambo wachikulire wopuma ntchito ya njanji amene ankalima ku Shimabala. Anafika Loweruka masana ndi njinga yawo, atatenga kale mizu yoti ikathiridwe m'ndiwo nkhani ikatha.

Anakhala m'chipinda chochezera. Anawatulutsa a Lighton atawagwirira m'khwapa, n'kuwatsamiritsa kukhoma. A Juliet anaika chakudya patsogolo pawo, chovundikira, kuti chidikire. A Whiteson analankhula mofatsa, poti ankamukonda Ennie ndipo nkhaniyi inkawalemera.

"Amake Joy, ine sindinabwere kudzakuweruzani. Mukati simunachite, ine ndikwera njinga yanga, nkhani yatha, tizifuna kwina chimene chikumudya mnzathuyu. Mukati munachita, mankhwala ndi awa, adya lero lomwe. Koma mudziwe kuti mukavomera, m'nyumba muno muyamba mwachokamo, ndipo Joy adzamva. Nenani zoona zokhazokha."

Zoona Ennie anali nazo, zonse, zili pakamwa. Anayang'ana mwamuna wake. Makutu anali atakula chifukwa cha kuonda, khosi latsala mitsempha yokha. A Lighton ankamuyang'ana, ndipo Ennie anadzidzimuka ndi chimene anaona. Mwamunayo ankadziwa kuti mkazi wake ndi wosalakwa, komabe maso akewo ankapempha. Kukhala mwamuna wolakwiridwa ndi mkazi akanakutha, chifukwa kuli ndi mankhwala ake ndipo anthu amakumvera chisoni. Kukhala munthu amene dziko lamugwiritsa ntchito n'kumutaya kunalibe mizu yake.

Ennie anaganiza za Joy, za amayi a mumpingo, za benchi lake pamsika ndi mmene adzamuyang'anire ogula. Zinamuwawa kwambiri, ndipo anakwiya ndi onse, mwamuna wake yemwe.

"Ninachita," anatero.

A Juliet anakuwa, n'kudzigwira pakamwa. A Whiteson anagwetsa chipewa chomwe chinali pabondo. Ngakhale amene anamuneneza sanayembekeze kumva mawuwo akutuluka.

"Amake Joy," anatero a Whiteson, "mwamva bwino funso langa?"

"Namva."

"Ndi yani?"

"Wa ku Lusaka. Simumuziba."

A Lighton anatsegula pakamwa, ndipo Ennie anaona kuti akufuna kutsutsa, chilungamo chawo chija chikuwakoka. Anawayang'anitsitsa osaphethira, n'kubwereza mokweza, mawu amodziamodzi, kuti alowe mpaka kumene ankayenera kufika.

"Nakamba kuti ninachita, atate ake Joy. Si imwe. Imwe mulibe mulandu. Ni ine ninakudulani."

A Lighton anatseka pakamwa. Misozi inatsika m'masaya okumbika aja. Anapuma mpweya wautali, mapewa anagwa, ndipo dzanja lomwe linali pachifuwa linatsikira pabondo. A Whiteson anamasula kansalu kawo n'kuwaza mizu yosinja m'ndiwo. A Juliet anavundukula mbale, akulira.

Ennie analowa kuchipinda. Anayala chitenje pabedi n'kuyamba kuikapo zovala zake. Manja ankagwira ntchito okha, mutu uli mbee, osadziwa n'komwe kumene akagone. Kuchokera kuchipinda chochezera kunkamveka madzi akugwera m'beseni, kenako kachetechete, kenako kutafuna. Anaima ndi diresi m'manja, kumvetsera mbamu iliyonse ikutsika, akuopa kuti ibwerera. Sinabwerere.

Anamanga mfundo ya katundu wake, nasenza. Podutsa pabalaza palibe anamuyang'ana. Ali pakhomo, phazi limodzi lili kale panja, anamva mawu a mwamuna wake kumbuyo, ofooka, onyowa ndi misozi.

"Alongo, yatsalako nshima?"